Matiresi Enieni

Bizinesi yanga inali yogulitsa katundu kwa anthu amene sindinawaonepo, n'kukamupereka kwa anthu amene sanamuitanitse. Ndinali ndi kashopu pa boma pa Mwanza, kuseri kwa msika, koma makasitomala anga enieni anali ku Joni. Anyamata ndi atsikana a ku Thambani, a kwa Nthache ndi midzi ya m'malire, amene anapita kukatsuka mbale ndi kutchetcha kapinga kwa eni, akalandira malipiro ankatsegula tsamba langa pa foni n'kusankha: feteleza, bulangete, shuga, nyale ya sola, malata. Ntchito yanga inali kumanga katunduyo, kumukweza pa matola kapena pa njinga yamoto, n'kukamusiya m'manja mwa makolo awo. Ankakonda kutumiza katundu kusiyana ndi ndalama chifukwa ndalama ikafika pamudzi imamera miyendo.

Pa ntchito imeneyi oda sinkatha katundu akafika. Inkatha chithunzi chikafika. Wa ku Joni ankafuna kuona mayi ake atagwira shugayo, bambo ake atatsamira thumba la fetelezalo, ndipo popanda chithunzi iwe unali wakuba basi, ngakhale ulumbire motani. Tsono kujambula munthu wa kumudzi si nkhani yamasewera. Umawapeza ali kudimba, matope mpaka m'maondo, ndiye uyambe wadikira akasambe, adzole mafuta, abwereke bulauzi kwa aneba, kenako akutsogolere ku nyumba ya mnzawo yopaka laimu kuti ukawajambulire kumeneko. Poyamba zinkandikwiyitsa, dzuwa likupita, maoda ena akudikira. Pambuyo pake ndinazolowera, mpaka ndinkawathandiza kumanga duku. Palibe kholo limene linkafuna kuti mwana wake aone pa foni umphawi womwewo umene anauthawa.

Anthu a ku Joni sadikira. Munthu watha zaka osaponda kwawo, koma bulangete lake lichedwe tsiku limodzi, foni imalira ngati kwagwa maliro. M'chaka changa choyamba ndinkavina nyimbo yawo. Wina akati lero, ndinkatola chilichonse chimene chinali pafupi bola chifike lero. Zimenezo zinatha pa nkhani ya nyale za sola. Ndinazigula mothamanga kwa anyamata a pa malire, zowala bwino tsiku loyamba, sabata isanathe zonse zii. Makasitomalawo ali ndi gulu lawo pa foni m'mene amakambirana za kumudzi, ndipo m'menemo ndinaphikidwa ngati nyemba. Anaikamo chithunzi changa, anditcha mbava, wina mpaka anafunsa ngati ndimapemphera. Ndinalira, sindibisa. Nditapukuta misozi ndinadziikira lamulo lakuti katundu wachabechabe sadzatulukanso pakhomo la shopu yanga ndi dzina langa, ndipo wofuna chabwino azidikira.

Amuna anga, amene amagwira ntchito yoombola katundu pa malire, ankandiseka nalo lamuloli. "Mayi, inu ndi wogulitsa kapena ndi woyeza katundu wa boma?" ankatero. Koma lamulolo linandibwezera makasitomala, ndipo ndinkalinyadira.

Mwa makasitomala anga munali bambo wina wa mudzi wa kuseri kwa Thambani, wosamalira maluwa kunyumba ya eni ku Joni. Anali waulemu, wosakalipa, mwezi ndi mwezi shuga ndi sopo wa mayi ake. Tsiku lina m'mawa, kutatsala pang'ono kuti mvula iyambe, ananditumizira uthenga wa mawu. Anati mayi ake agwidwa sitiroko, mbali imodzi yafa, kuchipatala awabweza kuti azikasamalidwa kunyumba, ndipo mlongo wake wamuuza kuti pamsana payamba zilonda chifukwa chogona pa mphasa.

"Mayi, ndikufuna matiresi lero lomwe," anatero. "Amayi anga chibadwire sanagonepo pa matiresi. Ndinawalonjeza ndikuchoka, koma chaka chilichonse kumabwera zina. Chonde, agonepo."

Matiresi ndinali nawo m'shopu, atatsamira khoma. Anali aja opyapyala, a nsalu ya maluwa, amene ukawatsina chala ndi chala zimakumana. Ndinkawasungira ana opita ku sukulu zogonera, amene mafupa awo ndi anthete. Munthu wogona usana ndi usiku amawaphwetsa mwezi usanathe, ndipo akanyowa ndi mkodzo sauma m'kati. Ndinamufotokozera zonsezi bamboyo. Ndinamuuza kuti ku holoselo ina ku Limbe kuli matiresi enieni, olimba, okutidwa ndi chinsalu chosalowa madzi ngati a kuchipatala, ndipo andilonjeza kuti akhoza kufika mkuja. Iye anati ndipite kaye ndi shuga, sopo, mafuta odzola ndi ufa wa phala, ndikawaone mayi akewo ndi maso anga, ndimuuze m'mene alili, ndiye tisankhe.

Ndinapita ndekha pa njinga yamoto tsiku lomwelo. Fumbi la msewu wa ku Thambani linandilowa mpaka m'mano. Pamene msewu unathera ndinayenda wapansi, katundu pamutu, mpaka pa kanyumba ka njerwa zosaotcha kofolera udzu. Anandilandira mlongo wake wa bamboyo, mayi wowonda wa maso otopa, amene anasiya banja lake kudzadwazika. Fungo linandipeza ndisanalowe m'nyumba.

Wodwalayo anali atagona chammbali pa mphasa, pansi pake atayala zitenje zakutha. Kamwa linali litapotokera kumanzere, koma maso anali akuthwa ngati a munthu amene akukuwerengera chenje. Ndinamva pambuyo pake kuti anagulitsa tomato pa msika wa Thambani moyo wawo wonse, ndipo palibe anawapusitsapo. Mwana wawo anawatembenuza kuti ndione. Pa chiuno ndi m'munsi mwa msana khungu linali litatseguka, mizere ya bango itadinda m'mbali mwa zilondazo. Ndinayang'ana kudenga.

Nditakhala pansi ndinafotokoza monga ndinafotokozera pa foni: opyapyala mawa, kapena enieni mkuja.

"Alionse, mayi, bola achoke pa bangopa," anatero mwana wawoyo.

Mayi okalambawo anatulutsa mawu movutika, koma anamveka. "Opyapyalawo ndikuwadziwa. Anagula aneba apa. Pano akugonera agalu." Anapuma kaye. "Mwana wanga ali ku Joni. Anthu aone kuti ali ku Joni. Ndikufuna enieni."

"Amayi, zilondazi sizidikira," anatero mwana wawo.

"Ndagona pa mphasa mpaka tsitsi kuyera. Mkuja ndi patali?"

Kunena zoona, mtima wanga unakondwa. Ndinaona ngati ndapeza munthu woganiza ngati ine, wodziwa kuti chinthu chotchipa chimakulipiritsa kawiri. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule shuga ndi sopo uja ali pambali pawo, koma anakweza dzanja lamoyolo kundiletsa.

"Osandijambula chigonere. Mukufuna athawe ntchito?"

Mwana wawo anandinong'oneza kuti mchimwene wakeyo mapepala ake anatha kalekale. Akangotuluka ku Joni, kubwerera n'kovuta ndipo ntchito apeza wina watenga, pamene pakhomo ponsepo pankadya m'manja mwake. Choncho tinachita zimene ndinkachita masiku onse, kungoti ulendo uno zinali zolemera. Tinawanyamula awiri kuwakhazika pakhonde, msana kukhoma. Analira ndi ululu, koma anatikalipira titafuna kuwabwezera. Tinawapukuta nkhope, kuwadzoza mafuta atsopano aja, kuwamanga duku lawo la ku tchalitchi. Dzanja lakufalo tinalisanjika pamwamba pa paketi ya shuga ngati agwira okha. Mwana wawo anakhala pambali, mkono wake utabisika kuseri kwa chitenje, ukuwachirikiza kuti asagwe.

"Jambulani mbali iyi," anatero mayiwo, akutembenuzira kwa ine tsaya limene silinapotoke.

Ndinajambula zingapo n'kusankha chokongola kuposa zonse, monga mwa ntchito yanga. Ndisananyamuke mayiwo anandigwira chitenje n'kundiuza kuti ndisakamuopseze mwana wawo wa ku Joni. Pobwerera, pa kamtunda pamene netiweki imagwira, ndinatumiza chithunzicho n'kulemba pansi pake kuti zilonda zilipo ndithu ndipo zikufunika chisamaliro, koma amayi anena okha kuti akufuna matiresi enieni. Mawu anga anali oona. Koma mawu angalimbane bwanji ndi chithunzi cha mayi wakhala tsonga, nkhope ili phuliphuli, atagwira shuga?

"Eee, mayi, mwanditsitsa mtima," anayankha. "Asisi anandiopseza. Akuoneka bwino ndithu. Ndiye tidikire enieniwo."

Mkuja unafika, matiresi sanafike. A ku holoselo anati ku fakitale kwasowa mankhwala opangira siponji, koma mawa zitheka. Mawa litafika anati matiresi atuluka, koma lole ili pa mzere wa dizilo. Kenako lole inapeza dizilo koma inayamba yapita kaye ku Mulanje. Kenako amene ankayankha foniyo anapita ku maliro, ndipo wotsalayo sankadziwa kalikonse. Liwu lakuti mawa ndimadana nalo mpaka lero. Akanandiuza kuti mwezi wamawa ndikanadziwa chochita, koma munthu amene wakuuza kuti mawa wakumanga miyendo.

Amuna anga anaona ndikuzungulirazungulira m'shopu n'kunena kuti, "Bwanji osangowatumizira opyapyalawa ayambe agonera, enawo akabwera mukasinthe?"

Ndinawayankha mwaukali. Ndinati matiresi amene wagonera wodwala zilonda sabwereranso m'shopu, ndipo kukweza matiresi kawiri pa msewu umene uja pamene enieni akufika mawa ndi misala. Ndinatinso mayiwo anakana okha pamaso panga, ndiye ndikawatengere chinthu chimene anati n'cha agalu? Zonsezi zinali zomveka, ndipo amuna angawo anangoti "chabwino, mayi" n'kunyamuka kupita ku malire. Matiresi a maluwa aja anakhalabe chotsamira khoma, ndipo ndinayamba kukhala mowafulatira.

Bambo wa ku Joni uja ankafunsa m'mawa uliwonse, mwaulemu womwe uja, ndipo ndinkamupatsira mawa amene ndapatsidwa. Sanakalipe n'kamodzi komwe. Anali ndi chithunzi chake, mpaka anachiika pa nkhope ya foni yake, moti uthenga wake uliwonse unkabwera ndi mayi aja atavala duku akundiyang'ana.

Mvula yoyamba itagwa, mlongo wake uja anandifulasha. Nditamuimbira anati a pa chipatala cha Thambani anawapatsa mankhwala otsukira, koma zilonda zakula, zikutuluka madzi, ndipo amayi thupi likutentha, phala akukana. Sanandifunse za matiresi. Anangoti, "Ndimati mudziwe." Pamenepo ndinagonja. Ndinatsitsa matiresi amodzi opyapyala, kuwamanga ndi chingwe, n'kunena kuti kukacha apita, zanga zamalamulo zikhale.

Kutacha, ndisanatsegule n'komwe bwino shopu, lole ya ku Limbe inaima pamsewu. Anyamata anatsitsa matiresi a buluu, onenepa, olemera, ali m'pulasitiki wawo. Ndinawakanikiza ndi chibakera, anandibwezera dzanja. Ndinaseka ndekha. Ndinamasula opyapyala aja kuwabwezera kukhoma, n'kujambula atsopanowo ndi kutumiza ku Joni kuti, "Afika, lero amayi agonapo." Anayankha ndi timanja topemphera.

Ndinakwera nawo matola ine ndemwe. Msewu unali woterera, galimoto inkavina, kawiri konse amuna anatsika kukankha. Ine ndinali kumbuyo nditakumbatira matiresiwo kuti matope asawafike, anthu akundiseka kuti ndikupita ku ukwati. Mayi wina anafunsa mtengo, wina anawasisita n'kunena kuti mwini wake ali ndi mwana. Foni inalibe netiweki njira yonse.

Titayandikira pamene kanjira ka kumudzi kaja kamapatukira, dalaivala anachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Pa msewu panali pataikidwa nthambi zaziwisi. Amuna a m'galimoto anavula zipewa. Ndinadziuza kuti mudziwu ndi waukulu, okalamba ndi ambiri. Koma nditatsika, anyamata awiri amene anabwera kudzandithandiza sanafunse kumene matiresiwo akupita. Anangowasenza n'kutsogola.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Matiresi a buluu akuyenda pamitu kudutsa pakati pa azibambo okhala pansi pa mtengo, onse akuwatsatira ndi maso, pulasitiki akulira phwatataphwatata, m'nyumba azimayi akuimba. Ine kumbuyo, nsapato zodzaza matope, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Mayi aja anali atatsirizika m'mawa womwewo, mwina nthawi imene ine ndinkakanikiza matiresi ndi chibakera.

Mwana wawo anatuluka. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira akanatero. Anangoyang'ana matiresiwo, n'kuyang'ana ine.

"Mwafika nawo," anatero.

"Pepani, achemwali. Pepani kwambiri."

"Lowetsani."

Bokosi linali lisanakhomedwe, ndipo thupi linali pa mphasa yomwe ija, litafunditsidwa nsalu. Mwana wawoyo anang'amba pulasitiki ndi mano. Azimayi ena anang'ung'udza kuti chinthu chatsopano chotere asachiyambe ndi maliro, amoyo adzagonapo bwanji. Iye anaitana anzake, ananyamula mayi ake n'kuwagoneka pakati pa matiresiwo, n'kuwongola nsalu. Mayiwo anali atatha thupi moti matiresi anga olimba aja sanachite ngakhale kadzenje.

Ndinakhala pakona n'kulira, ndipo kulira kwanga kunali kwa mkwiyo. Ndinakwiyira a ku holoselo ndi mawa wawo. Ndinakwiyira mayi ogona pamenepowo chifukwa cha kunyada kwawo, ndi mwana wawo wokhulupirira chithunzi kuposa mlongo wake. Ndinakwiyira anthu a m'gulu lija amene ananditcha mbava mpaka ndinaumitsa mutu. Sindikudziwa ngati matiresi opyapyala akanawonjezera masiku awo. Anamwino amene ndinawafunsa pambuyo pake anati mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti akanagonapo.

Masana, mlongo uja anandiitanira panja n'kundipatsa foni yake. Anali ataima pa chulu, pamene netiweki imagwira. Mchimwene wake anali atamva kale, ndipo akuluakulu anali atagwirizana kuti asabwere, maliro aikidwa mawa. Mawu ake anali ouma, ngati walira mpaka misozi kutha.

"Mayi, afika matiresi aja?"

"Afika, bambo."

"Awagoneka pamenepo?"

"Awagoneka."

Ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa kumbuyo kwake.

"Munditumizire chithunzi."

Ndinayang'ana mlongo wake. Ndinkafuna akane, kapena akuluakulu akane, kuti ine ndipulumuke. Koma iye analowa m'nyumba n'kupempha azimayi kuti asendere. Anavundukula nkhope ya mayi ake, anatenga duku la ku tchalitchi lija pa chingwe n'kuwamanga bwinobwino, anapukuta pachipumi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anawagwira chibwano mofatsa n'kutembenuzira kukhoma tsaya lopotoka lija.

"Jambulani mbali iyi," anatero.

Ndinajambula kamodzi kokha, osayang'ananso kuti chatuluka bwanji, n'kukwera pa chulu paja kukatumiza. Ndinaima pomwepo mpaka foni inaonetsa kuti wachiona. Kenako ndinatsika kukathandiza azimayi kutunga madzi.

Patapita masiku, mnzanga wina amene ali m'gulu la a ku Joni lija ananditumizira zimene bamboyo analemba m'menemo. Anathokoza onse amene anamupepesa. Kenako anati akufuna kuyamikira mayi wa shopu ya pa boma, amene anapita yekha kumudzi kawiri, ndipo sanafune kuwapatsa amayi ake zinthu zachabechabe. Anati amene akufuna katundu weniweni wa makolo awo asavutike kufunsa kwina. Sabata imeneyo foni yanga sinapume. Maoda a matiresi a buluu anabwera ambiri kuposa amene ndinagulitsapo chiyambire, aliyense akunena kuti, "Ngati aja munapititsa ku Thambani."

Kwa ine analemba mzere umodzi wokha, ndipo ndikadali nawo m'foni chifukwa chala chimakana kuufufuta. Pamwamba pake pali nkhope ya foni yake, imene sanaisinthe mpaka lero: mayi atakhala tsonga pakhonde, duku kumutu, shuga pamiyendo.

"Ndaona, mayi. Zikomo. Agonapo."